Mango a agogo m'dzuwa la Okutobala ku Chitungwiza

Cha m'ma 2 koloko masana m'mwezi wa Okutobala, phula la pamalo oimika magalimoto pa Town Centre ku Chitungwiza limabweza moto kumapazi ngakhale munthu atavala nsapato. Makondakitala a makombi amaitanira opita ku Harare mawu atasasa. Amayi ogulitsa tomato, nthochi ndi madzi a m'mabotolo amasuntha malonda awo pang'onopang'ono kulondola kamthunzi ka khoma. Mwezi umenewu Ashona amautcha Gumiguru, pomwe a ku Malawi amangoti chilimwe chafika pachimake, dzuwa likuswa mtengo.

Pamalo pomwepa, chaka cha 2024, mlembi wa nkhani ino anapeza azakhali ake atakhala pakreti, chitenje chili kumutu.

"Mwaswera bwanji, azakhali?"

"Ine ndaswera, mwana wa achimwene. Koma mtengo wa agogo ako sunaswere. Ukutaya ana. M'mawa uliwonse ndikumasesa timango todzaza mbale."

Azakhaliwo ndi mmodzi mwa anthu ambiri a m'tauniyi omwe anabadwira ku Zimbabwe koma michombo ya makolo awo inakwiriridwa ku Malawi. Chitungwiza inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali ana ndi zidzukulu za matchona omwe anabwera pa Ulere ndi pa Mthandizi kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'mafakitale. Ku St Mary's gule wamkulu amatulukabe. Woimba wotchuka Alick Macheso, yemwe dzina lake linakulira m'tauni yomweyi, amaponyamo Chichewa m'nyimbo zake chifukwa naye ali ndi magazi a ku Malawi.

Agogo ake a mlembiyu anachoka ku Nkhotakota nthawi ya chitaganya ali mnyamata. Kwawo anabwererako kamodzi kokha, atapeza kale nyumba ku Seke, ndipo pobwerera kudzera ku Zobue, Tete ndi Nyamapanda ananyamula mango a boloma m'thumba. Ana anadya, iwo n'kukwirira njere zitatu kuseri kwa khitchini. Inamera imodzi. Mango achikuda ambiri ali ndi khalidwe lakuti mtengo womera ku njere umatengera mayi wake, choncho boloma wa ku Seke anatuluka wofanana ndi wa kunyanja, kukula kwake ndi kafungo kake komwe. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, ndipo anthu ambiri obadwira konkuno kwa makolo ochokera kunja n'kuyamba kuwerengedwa ngati alendo mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atakonza nkhaniyo, azakhaliwo ankaloza mtengo umenewu. Ankati munthu wodutsa sabzala mango.

N'chifukwa chake mlembiyu sanazengereze. Anawathandiza kulongedza tomato, nayenda nawo mpaka kunyumba.

Mtengowo unalipo, wamtali kuposa denga, koma zomwe zinali pansi pake zinamuuza zambiri kuposa zomwe zinali m'mwamba. Msuweni wake anali atathira simenti bwalo lonse kuti athane ndi fumbi komanso matope, n'kusiya kadzenje kokwana tsinde lokha. Kumadzulo kunali mpanda wa konkire womwe unkatentha ngati chiwaya mpaka usiku. Nthambi za mbali yomweyo zinali zitadulidwa mu Ogasiti pofuna malo omangira kanyumba ka lendi, ndipo khungwa lomwe linakhala mumthunzi kwa zaka 40 linali litang'aluka. Masamba onse ogwa ankasesedwa m'mamawa n'kutenthedwa pakona. Madzi okhawo omwe mtengowo unkalandira anali a thovu, ochapira zovala, othiridwa patsinde penipeni. Nsonga za masamba zinali zowauka ngati zalawa moto.

Chitungwiza si chipululu. Ili pamtunda wa mamita oposa 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka chisanu chimatha kupha timitengo ta mango tanthete. Koma bwalo la azakhali aja linali litasanduka kachipululu kopangidwa ndi manja a anthu, ndipo anthuwo sanalinge choipa chilichonse. Aliyense ankafuna pakhomo paukhondo, malo ogona ndi kandalama ka lendi.

Mtengo wa mango umakonda kutentha. Kwawo kwenikweni ndi ku India ndi maiko oyandikana nako, ndipo kuno unafika ndi amalonda a pa nyanja ya Indian Ocean, n'kulowera kumtunda motsatira njira za malonda mpaka ku Tete, ku Nkhotakota ndi kwina. Umakula bwino pa madigiri 24 mpaka 30, ndipo mtengo waukulu umapirira ngakhale kutentha kukapitirira madigiri 40, bola mizu ikhale ndi chomwa. Chinsinsi chake chili m'masamba. Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso momwe mumatulukira chinyontho, ndipo potero mtengo umadziziziritsa monga momwe thukuta limachitira pathupi la munthu. Nthaka ikauma, mtengo umatseka timabowoto kuti usunge madzi. Ukatero tsamba limatentha, ntchito yopanga chakudya imaima, ndipo mtengowo umayamba kuchepetsa pakamwa podyetsa. Oyamba kutayidwa ndi ana aja.

Tsoka lake n'lakuti kalendala ya mango kuno imagundana ndi ya dzuwa. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye ndiko kumautsa maluwa, omwe amatuluka kuyambira Julaye mpaka Sepitembala. Pofika Okutobala timango timakhala tili ngati nsawawa kapena dzira la nkhunda, nthawi yomwe timafuna madzi kwambiri, pomwe mvula yomaliza inagwa kalekale mu Epulo. Kunena zoona, si kugwa konse kwa timango komwe kuli matenda. Pa maluwa 100 alionse, n'zosowa kuti ngakhale limodzi lifike pokhala chipatso chokhwima, ndipo mtengo wathanzi umathothola wokha zochuluka. Koma mbale yodzaza m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, pamodzi ndi masamba owauka, ndi kulira kwa mtengo waludzu.

Anthu ambiri amaganiza kuti mango sasowa madzi chifukwa muzu wake waukulu umatha kutsika mamita 6. N'zoona, koma kumene nthaka ndi yakuya. Ku Seke nthaka ndi yamchenga, yosasunga chinyontho, ndipo malo ambiri thanthwe lili pafupi, monga amaonetsera miyala ikuluikulu yosanjikizana yomwe ili ponseponse m'derali. Komanso timizu tomwe timamwa ndi kudya kwambiri sitili pansi penipeni ayi. Tili pamwamba, mozungulira, pomwe pamathera mthunzi wa nthambi masana. Pamenepo ndi pomwe msuweni uja anathira simenti.

Mlembiyu anakhala nthawi akuwerenga za alimi omwe amalima mango m'zipululu zenizeni, ndipo chomwe chinamugwira mtima n'chakuti mavuto awo ndi omwewa, kungoti iwo amawadziwa ndi mayina ndipo amawalipirira ndalama zambiri. Ku Coachella Valley, m'chipululu cha California, amalima mango a mtundu wa Keitt pamalo pomwe chilimwe chimapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ku Piura, kumpoto kwa Peru, mango a Kent amachokera m'minda yothiriridwa pakati pa mchenga n'kukagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Ku Israel akatswiri anasankha tsinde lomezanitsirapo lotchedwa 13-1 chifukwa limapirira nthaka ya laimu ndi madzi amchere, ndipo m'dziko lomwelo, pa Hatzerim m'chipululu cha Negev, ndi pomwe kampani ya Netafim inayamba mu 1965 kupanga mapaipi othirira modontheza potsatira nzeru za Simcha Blass. Alimi a m'malo otere amathirira pang'onopang'ono pamizu, amaphimba nthaka, amapaka matsinde utoto woyera, amapopera masamba dothi loyera la kaolin kuti libweze kuwala, amakoleka maneti pamwamba pa mitengo yaing'ono, ndipo ena amaveka zipatso timatumba ta pepala kuti zisapse mbali yoyang'ana dzuwa.

Ngakhale iwowa nthawi zina amagonja. Mu 2021 alimi a ku Ismailia, likulu la mango ku Egypt, anataya gawo lalikulu la zokolola nyengo itasinthasintha mwadzidzidzi n'kutentha nthawi ya maluwa. Marichi wa 2022 anali wotentha kuposa wina aliyense m'zaka 122 ku India, ndipo mango anavulala kumeneko ndi ku Pakistan komwe. Ku Piura vuto la mu 2023 linali lina: nyengo yozizira sinazizire chifukwa cha El Niño, mitengo yambiri n'kulephera kuchita maluwa.

El Niño yemweyo ndi amene anasiya Chitungwiza pamoto. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakanika m'chigawo chonse. Zambia inalengeza za ngozi ya chilala mu Febuluwale, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28 a Malawi mu Marichi, ndipo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anatsatira mu Epulo. Madzi a m'mipope ya Chitungwiza amachokera ku Harare, makamaka ku malo oyeretsera madzi a Prince Edward omwe amatunga m'madamu a Seke ndi Harava pa mtsinje wa Manyame. Pofika kumapeto kwa Ogasiti 2024 madamu awiriwo anali ataphwa, ndipo Prince Edward anayamba watsekedwa.

Apa ndi pomwe nzeru za m'mabuku zimafunika kuvula nsapato. Mayi amene waima pamzere wa pamjigo kuyambira 4 koloko m'bandakucha, n'kubwera ndi zigubu ziwiri pa wilibala, sungamuuze kuti athire ndowa zisanu pamtengo. M'tauni yomwe kolera wa mu 2008 anayambira, mliri womwe unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, madzi abwino ndi a kumwa, kuphikira ndi kusamba m'manja, ndipo mlembiyu sangatsutse zimenezo ngakhale pang'ono. Funso lake linali lina. Kodi pa zonse zomwe alimi a m'chipululu amagula ndi madola, ndi ziti zomwe azakhali ake ankataya tsiku lililonse osadziwa?

Choyamba chinali m'tsache lawo.

Kusesa pabwalo si nkhani yaing'ono kwa mayi wa Chichewa kapena wa Chishona. Mtsikana amaphunzira tsache asanaphunzire mthiko. Bwalo losesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka, limauza mlendo kuti pakhomo pano pali munthu, komanso limaonetsa msanga pomwe padutsa njoka kapena chinkhanira. Mlembiyu anakulira m'mabwalo otere ndipo amawalemekeza. Koma masamba omwe mtengo umagwetsa m'chilimwe ndi chofunda chomwe umadziyalira wokha. Amatchinga nthaka kuti isapse, amasunga chinyontho, ndipo akaola amabwezera chakudya ku timizu tija. Kuwasesa n'kuwatentha mu Okutobala kuli ngati kumuvula mwana chipewa dzuwa lili paliwombo. Boma la Zimbabwe litayamba kufalitsa ulimi wa Pfumvudza mu 2020, phata la uphungu wake linali lomweli, lakuti nthaka isakhale yamaliseche. Ku Malawi alangizi akhala akunena zomwezo pa ulimi wa mtayakhasu ndi kuphimbira. Anthu anazimva za chimanga cha kumunda, koma mtengo wa pakhomo unaiwalika.

"Ndiye ukuti ndisiye kusesa, anthu azinditcha mve?" anafunsa azakhaliwo.

"Ayi, azakhali. Muzisesa monga mwa masiku onse. Kungoti tsache lizilowera kumtengo, osati kumoto."

Loweruka lotsatira iye ndi msuweni wake anatenga hamala ndi tchizulo. Sizinali zophweka kumuuza munthu kuti aswe simenti yomwe anagula ndi thukuta lake, ndipo anakambirana nthawi yaitali asanagwirizane. Anaswa mozungulira, masitepe awiri kuchokera patsinde mbali zomwe kunali kotheka. Pansi pake anapeza mchenga wotentha ndi wouma ngati phulusa. Sanalime mozama poopa kudula mizu. Anangotakasa pamwamba, n'kuyalapo masamba a mango omwewo, udzu wouma, makoko a chimanga ochokera kwa anyamata ootcha mondokwa pa Town Centre, ndi masamba a kabichi otsala pamsika, mulu wokhuthala ngati chikhatho chopingasa. Patsinde penipeni anasiyapo mpata kuti khungwa lisaole komanso chiswe chisapeze makwerero.

Kenako anatola mabotolo apulasitiki a malita awiri, omwe pa renki ya makombi amangoti mbwee, nawaboola kunsi ndi msomali wamoto, n'kuwakwirira mozungulira m'mphepete mwa mthunzi, pakamwa pokha pali kunja. Ndi nzeru yomweyo ya ku Hatzerim, ndiponso ndi yakale kuposa pamenepo, chifukwa alimi a m'maiko ouma akhala akukwirira miphika yadothi yosawotcha kwambiri pafupi ndi mbewu kwa zaka mazanamazana kuti madzi azitulukamo ngati thukuta. Madzi othira m'botolo lokwiriridwa amapita kumizu osauluka ndi dzuwa. Azakhaliwo anayamba kuthiramo madzulo, dzuwa litapepa, madzi otsukira mpunga, ndiwo zamasamba ndi tomato wa pamsika, komanso otsukuluzira zovala komaliza. A thovu oyamba aja anawaletsa. Sopo waufa amakhala ndi mchere wambiri, ndipo mango ndi umodzi mwa mitengo yosagwirizana ndi mchere. Kuwauka kwa nsonga za masamba kuja mbali ina kunkachokera pamenepo.

Nthambi zong'aluka za kumadzulo anazipaka laimu wosungunula m'madzi, yemweyo amene anthu amapaka nyumba. Msuweniyo ankafuna kuthira feteleza kuti mtengo upeze mphamvu, koma feteleza panthaka youma amaotcha mizu, ndiponso amakankha mtengo kutulutsa masamba anthete omwe dzuwa limawapsereza msanga. Anagwirizana zodikira mvula.

Panalinso kamtengo kena kutsogolo kwa nyumba, ka Tommy Atkins komezanitsa, komwe msuweniyo anagula chaka chapitacho. Mitengo yotereyi imabereka msanga, m'zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ndi mitundu ngati imeneyi yomwe kampani ya Malawi Mangoes ku Salima yakhala ikulimbikitsa pakati pa alimi. Koma ikadali yaing'ono ilibe mthunzi wodzitchingira wokha, ndipo dzuwa la masiku ochepa lingathe kuiphera pamfundo yomezanitsira. Kamtengoko anakazikira mitengo inayi, pamwamba n'kuyalapo udzu mopyapyala, kumadzulo n'kumangako thumba la ufa, mbali ya kum'mawa n'kuisiya yotsegula kuti kuwala kwa m'mawa kuzilowa. Kakhumbi komweko kadzagwiranso ntchito mu Juni kutchinga chisanu.

Mlembiyu sakufuna kunamiza munthu kuti mtengo wa agogo ake unachira sabata yomweyo. Timango tinapitiriza kugwa kwa masiku angapo, chifukwa zomwe zinaonongeka zinali zitaonongeka kale. Koma munthu akapisa dzanja pansi pa masamba aja masana ankapeza nthaka yozizira, ndipo pofika pakati pa Novembala m'mbale ya m'mawa munkangogwa tiwiri titatu. Mu Januwale azakhaliwo anathyola beseni limodzi. Kale mtengowo unkadyetsa mzere wonse wa nyumba, ana a sukulu n'kumagenda otsala. Beseni limodzilo sanapite nalo ku Town Centre. Anagawira zidzukulu, ndipo njere anazisunga.

Chomwe chimamuvutitsabe maganizo mlembiyu ndi kuchuluka kwa mabwalo ofanana ndi limeneli. Akayenda ku Zengeza kapena ku St Mary's amaona mitengo ya mango, mapeyala ndi magwafa yomwe inabzalidwa ndi m'badwo woyamba wa eni nyumba, yambiri itazingidwa ndi simenti mpaka m'khosi, ina itadulidwa kuti pamangidwe chipinda. Sangaweruze munthu wofuna pogona. Koma amaonanso kuti pa Town Centre, pomwe phula ndi malata zili ponseponse, anthu amalimbirana mthunzi wa khoma, pomwe m'misewu yomwe mitengo yakale idakalipo agogo amakhala panja masana osavutika. Mtengo wa mango waukulu umaziziritsa nyumba popanda magetsi, m'dziko lomwe magetsi amazimazima, ndipo umabereka mu Disembala ndi Januwale, miyezi yomwe ufa umakhala utachepa m'nyumba zambiri. Woudula lero adzadikira zaka zambiri kuti apezenso mthunzi wotero.

Ku Zimbabwe Loweruka loyamba la Disembala ndi tsiku lobzala mitengo, ndipo ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Masiku amenewo mbande zimabzalidwa zambiri, nthaka ili yonyowa, aliyense ali wokondwa. Mayeso ake amabwera miyezi khumi pambuyo pake. Njere za boloma zomwe azakhali aja anasunga zinamera zinayi m'machubu kuseri kwa khitchini, ndipo anena kale kuti aliyense wofuna mbande ayambe wawaonetsa malo opanda simenti pomwe akaibzale.

Inu amene muli ndi mtengo wa mango pakhomo, kaya ndi ku Seke, ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete, yambani kuunjikira masamba pansi pake mu Ogasiti, maluwa akangooneka, ndipo kwirirani mabotolo anu nthaka isanaume gwa. Musadikire kuti timango tiyambe kudzaza mbale.